Yeremiya wa ku Anatoti ndi Aneneri Olonjeza Mtendere

ADANI a mneneri Yeremiya anali ambiri. Mfumu ina inatentha mpukutu wake pambaula, akalonga anamponya m'dzenje la thope, ndipo ngakhale anthu a m'mudzi wakwawo anampangira chiŵembu chakuti amuphe. Koma amene anamswetsa mtima koposa onse anali amuna otchedwa ndi dzina limodzimodzi ndi iye, dzina lakuti mneneri. (Yeremiya 23:9) Iwo analankhula m'dzina la Yehova yemweyo, anaima m'bwalo la kachisi lomwelo, ndipo anali kuyamba maulosi awo ndi mawu amene iyenso anali kuyamba nawo. Kwa zaka zoposa 40 anthu a Yuda anayenera kusankha woti amumvere, ndipo ochuluka anasankha molakwa. Kodi chinawasokeretsa nchiyani? Nanga munthu wamba woima m'khamulo akanadziŵa bwanji amene anali kunena zoona?

Mwana wa Wansembe wa ku Anatoti

Kwawo kwa Yeremiya kunali ku Anatoti, mudzi wa ansembe m'dziko la Benjamini, pamtunda wa makilomita ngati 5 kumpoto chakum'maŵa kwa Yerusalemu. Atate wake anali Hilikiya, mmodzi wa ansembe a kumeneko. Mudziwo unali ndi mbiri yake. Nkumene Mfumu Solomo, zaka zoposa 300 m'mbuyomo, anathamangitsira Abiyatara atamchotsa pa unsembe, ndipo Abiyatarayo anali wa nyumba ya Eli, imene inatumikira pamalo opatulika a ku Silo malowo asanasanduke bwinja. (1 Mafumu 2:26, 27) Mwana wokulira ku Anatoti sakanalephera kumva za Silo. Anakula akudziŵa chimene anthu a mumzinda waukulu anafuna kuiŵala, chakuti ngakhale malo otchedwa ndi dzina la Mulungu angathe kupasulidwa.

Yehova anamuitana m'chaka cha 13 cha Mfumu Yosiya, cha m'ma 627 B.C.E. Yeremiya anaŵiringula kuti anali mwana ndi kuti sanadziŵe kulankhula, koma chiŵiringulocho sichinamveke. Anauzidwa poyambirira pomwe kuti mafumu, akalonga, ansembe ndi anthu a m'dzikolo adzalimbana naye, komanso kuti sadzamgonjetsa. (Yeremiya 1:4-19) Ntchitoyo inamlanda zinthu zimene mwamuna aliyense wa mu Yuda anayembekezera kukhala nazo. Analamulidwa kusakwatira, ndipo analetsedwa kuloŵa m'nyumba ya maliro ndi m'nyumba ya madyerero. (Yeremiya 16:1-9) Tangoganizani mmene mudzi ungaonere munthu wosaponda pamaliro a mnansi wake! Koma moyo wakewo unali ulosi pawokha: masiku anali kudza pamene akufa adzachuluka kwakuti sipadzakhala wowalira, ndipo chimwemwe cha ukwati sichidzamvekanso m'makwalala.

M'zaka zoyamba za ntchito yake zinthu zinaoneka ngati zikuyenda bwino. Ufumu wa Asuri, umene unapondereza Yuda kwa zaka pafupifupi 100, unali kutha mphamvu, ndipo likulu lake Nineve linagwa mu 612 B.C.E. Buku la Chilamulo litapezedwa m'kachisi mu 622 B.C.E., Yosiya anagwetsa maguwa a mafano m'dziko lonselo. Yeremiya analemekeza mfumuyo kaamba koweruza molungama milandu ya osauka, komabe anaona kuti ambiri anabwerera kwa Mulungu ndi pakamwa pokha. (Yeremiya 3:10, 22:15, 16) Ndiyeno mu 609 B.C.E. Yosiya anaphedwa ku Megido pomenyana ndi Farao Neko wa Igupto, ndipo patapita miyezi itatu Neko anaika Yehoyakimu pampando wachifumu. Kuyambira pamenepo Yeremiya sanaonenso mpumulo.

Chifukwa Chake Bodzalo Linamveka Ngati Choonadi

Kuchiyambi kwa ulamuliro wa Yehoyakimu, Yeremiya anaima m'bwalo la kachisi nauza olambira kuti aleke kudalira nyumbayo monga ngati chithumwa. Anatchula zochita zawo mosabisa: kuba, kupha, chigololo, kulumbira monama ndi kufukizira Baala, ndiyeno kubwera kukachisi monga achifwamba othaŵira kuphanga lawo. Ngati sakanasintha, kachisiyo anali kudzakhala ngati Silo. (Yeremiya 7:1-15) Ansembe ndi aneneri anamgwira nafuna kuti aphedwe. Anapulumuka chifukwa chakuti akulu ena anakumbutsa msonkhanowo za Mika wa ku Moreseti, amene analosera zofananazo m'masiku a Hezekiya, ndipo mfumuyo m'malo momupha inapembedzera Yehova. Ahikamu mwana wa Safani nayenso anamtetezera. Mneneri wina, Uriya wa ku Kiriyati-yearimu, analibe womtetezera. Anathaŵira ku Igupto, koma Yehoyakimu anatumiza amuna kukamtenga namupha ndi lupanga.—Yeremiya, chaputala 26.

Nkwapafupi kwa ife lerolino kulingalira kuti aneneri aja anali anthu oipa oonekeratu. Koma m'makutu a anthu a nthaŵiyo iwo anamveka ngati amuna achikhulupiriro cholimba, ndipo Yeremiya ndiye anamveka ngati wochitira mwano zinthu zopatulika. Aneneriwo anali ndi potsamira. Kodi Yehova sanalonjeze Davide kuti nyumba yake idzakhazikika? Kodi mu 701 B.C.E., pamene Sanakeribu wa Asuri analanda midzi yamalinga ya Yuda naopseza Yerusalemu, Yesaya sananene kuti mzindawo sudzagwa, ndipo sunagwedi? (2 Samueli 7:12-16, 2 Mafumu 19:32-36) Zonsezo zinali zoona. Chinyengo chinagona pa kutenga lonjezo loperekedwa kwa mfumu yodzichepetsa ndi yopemphera, ndi kuliveka mbadwo umene sunafune kulapa. Iwo anasunga mbali yokoma ya pangano nataya mbali yonena za kumvera.

Yeremiya anawayerekezera ndi ochiritsa amene amaphimba chilonda pamwamba chikunyeka mkati. (Yeremiya 6:14) Ndipo sanabise mbali ya odwalawo: anthu anakonda kuuzidwa zimenezo. (Yeremiya 5:31) Panthaŵi ina ya chilala, pamene Yehova anamletsa kupempherera mtunduwo, iye anayesa kuuchonderera, akumanena kuti aneneri ndiwo anali kuutsimikizira kuti lupanga ndi njala sizidzafika. Yankho linali lolemera. Aneneriwo sanatumidwe ndipo adzafa ndi lupanga ndi njala zomwezo, koma owamverawo nawonso adzagwa pamodzi nawo. (Yeremiya 14:11-16) Kunamizidwa sikunawachotsere liwongo anthu amene anali ndi Chilamulo ndipo anadzisankhira okha aphunzitsi owakanda poyabwa.

Mpukutu Pambaula

Mu 605 B.C.E. Nebukadinezara wa Babulo anagonjetsa Aigupto ku Karikemisi, pamtsinje wa Firate, ndipo mdani wa kumpoto amene Yeremiya anali kumtchula kwa zaka 23 tsopano anali ndi dzina. M'zaka zimenezo wansembe Pasuri mwana wa Imeri, kapitao wamkulu wa pakachisi, amenenso anali kulosera zonama kwa mabwenzi ake, anampanda namtsekera m'matangadza usiku wonse pa chipata cha Benjamini. (Yeremiya 20:1-6) Yeremiya sanali munthu wamwala. Anatemberera tsiku la kubadwa kwake, ndipo analingalira zoleka kutchula dzina la Yehova, kungoti mawuwo anamtentha mkati kwakuti sanathe kuwasunga.

Pokhala woletsedwa kuloŵa m'kachisi, anauza mlembi wake Baruki mwana wa Neriya kulemba maulosi onse mumpukutu ndi kukauŵerenga kwa anthu patsiku losala kudya. Mpukutuwo unafika kwa Yehoyakimu ali m'nyumba yake ya m'nyengo yachisanu, akuotha moto. Woŵerenga akatha madanga atatu kapena anayi, mfumu inali kuwadula ndi kampeni ka mlembi ndi kuwaponya pambaula, kufikira mpukutu wonse unatha. Yeremiya ndi Baruki anabisala, nalemba wina, wokhala ndi mawu ambiri kuposa woyambawo.—Yeremiya, chaputala 36.

Yehoyakimu anapandukira Babulo, namwalira chilango chisanafike. Chinagwera mwana wake Yehoyakini, amene analamulira miyezi itatu yokha. Phale lina la mbiri ya Ababulo, losungidwa ku British Museum mu London, limapereka deti limene Yerusalemu anagonja, lofanana ndi March 16, 597 B.C.E. Nebukadinezara anatenga mfumu, akalonga, amisiri ndi ankhondo, anthu okwana 10,000, pamodzi ndi chuma cha m'kachisi, naika Zedekiya, mbale wa Yehoyakimu, kukhala mfumu. (2 Mafumu 24:8-17) Munthu akanayembekezera kuti aneneri olonjeza mtendere atseka pakamwa ndi manyazi. Iwo anangosintha nyimbo. Popeza sakanathanso kunena kuti Ababulo sadzafika, anayamba kunena kuti otengedwawo abwera posachedwa.

Tsiku la Goli

Phale lomwe lija limasimba kuti chakumapeto kwa 595 B.C.E. kunabuka chipanduko m'dziko la Babulo mwenimwenimo, chimene Nebukadinezara anachithetsa mwa kupha ambiri a ankhondo ake. Mbiri yotero sikanalephera kudzutsa ziyembekezo kumadzulo. Posapita nthaŵi akazembe a Edomu, Moabu, Amoni, Turo ndi Sidoni anali mu Yerusalemu kwa Zedekiya. Yeremiya analamulidwa kupanga goli lamtengo ndi zingwe zake, kulivala pakhosi, ndi kutumiza uthenga kwa mafumu onsewo: mtundu umene udzaŵeramira goli la mfumu ya Babulo udzasiyidwa m'dziko lake kuti ulime, koma wokana udzatha ndi lupanga, njala ndi mliri. Anawachenjeza kusamvera aneneri awo, oombeza ndi olota maloto. (Yeremiya, chaputala 27) M'chinenero chathu goli silikumbutsa ng'ombe zokha, limakumbutsanso mtengo wamphanda umene unali kumangidwa pakhosi la kapolo. Chotero tingamvetse chifukwa chake uthengawo unaŵaŵa m'makutu a anthu onyadira ufulu wawo.

M'mwezi wachisanu wa chaka chachinayi cha Zedekiya, cha m'ma 594 B.C.E., Hananiya mwana wa Azuri, mneneri wa ku Gibeoni, anayang'anizana ndi Yeremiya m'kachisi pamaso pa ansembe ndi anthu onse. Analengeza m'dzina la Yehova kuti goli la Babulo lathyoka, ndi kuti zisanathe zaka ziŵiri ziŵiya za m'kachisi, Mfumu Yehoyakini ndi andende onse adzakhala atabwerera. M'khamumo munali makolo amene ana awo anali ku Babulo, ndi akazi amene amuna awo anatengedwa zaka zitatu m'mbuyomo. Kodi ndani wa iwo sakanafuna kuti mawuwo akhale oona?

Nkofunika kuona kuti malemba Achihebri a chaputala 28 amatcha amuna aŵiri onsewo mneneri, popanda liwu lowasiyanitsa. Otembenuza Baibulo lachigiriki la Septuagint ndiwo anadzatcha Hananiya mneneri wonama, zaka mazana angapo pambuyo pake, nkhani itadziŵika kale mathero ake. Patsikulo panalibe chizindikiro pamphumi pake. Ngakhale dzina lake linali lokoma, lotanthauza kuti Yehova wachita chisomo.

Yankho la Yeremiya limasonyeza mtima wake. Iye sanakalipe. Anavomereza poyera kuti nayenso anakhumba kuti Yehova achite zimenezo, pakuti anthuwo anali ake ndipo kachisiyo anamkonda. Ndiyeno anakumbutsa Hananiya kuti aneneri akale, amene anakhalako onse aŵiri asanabadwe, analosera za nkhondo, tsoka ndi mliri, ndi kuti wolosera mtendere ndiye ayenera kuyembekezera kuti mawu ake achitike asanadziŵike kukhala wotumidwa. Hananiya anayankha ndi manja. Anachotsa golilo pakhosi la Yeremiya nalithyola pamaso pa onse, nabwerezanso lonjezo la zaka ziŵiri. Ndipo Yeremiya anangochoka.

Kwa oonerera, wopambana anali woonekeratu. Koma kuchoka kumeneko nkumene kumasiyanitsa amuna aŵiriwo koposa chinthu china chilichonse. Yeremiya analibe mawu atsopano ochokera kwa Yehova panthaŵiyo, ndipo sanafune kupeka kuti adzichotsere manyazi. Anadikira. Pamene mawu anafika, anabwerera kwa Hananiya namuuza kuti goli lamtengo lidzaloŵedwa m'malo ndi lachitsulo, kuti Yehova sanamtume, kuti wakhulupiritsa anthu bodza, ndi kuti adzafa chaka chomwecho. Hananiya anamwalira m'mwezi wachisanu ndi chiŵiri, patangopita miyezi iŵiri.

Kodi Akanadziŵa Motani?

Chilamulo cha Mose chinali ndi muyeso: ngati mneneri anena kanthu m'dzina la Yehova ndipo sikachitika, iye walankhula modzikuza ndipo sayenera kuopedwa. Chinawonjezeranso kuti ngakhale chizindikiro chitachitika, wokokera anthu kwa milungu ina sayenera kumveredwa. (Deuteronomo 13:1-5; 18:20-22) Muyeso woyambawo ngwotsimikizirika, koma umafuna nthaŵi, ndipo nthaŵi zina chosankha sichidikira. Zedekiya anayenera kuyankha akazembe aja zaka ziŵiri za Hananiya zisanathe.

Nchifukwa chake chaputala 23 cha Yeremiya nchamtengo wapatali, pakuti chimapereka zimene munthu akanaona patsiku lomwelo. Aneneri a mu Yerusalemu anali achigololo ndi oyenda m'mabodza. Analimbikitsa ochita zoipa kwakuti panalibe woleka choipa chake, ndipo anauza onyoza Mulungu kuti zidzawayendera bwino. Masomphenya awo anachokera m'mitima yawo, anadzitama ndi maloto, ndipo anali kuberana mawu wina ndi mnzake, chifukwa chake onse anamveka ngati akugwirizana. Yehova anati akanakhala kuti anamvadi uphungu wake, akanabweza anthu ku njira zawo zoipa. Funso lalikulu linali limenelo: kodi womvera mneneriyu amapita kwawo ali wofuna kubweza chimene anaba, kapena amapita ali wotonthozedwa ndi chobedwacho chili m'thumba? Panalinso nkhani ya phindu. Mika anali atanena kale za aneneri olalikira mtendere kwa wowadyetsa ndi nkhondo kwa wowamana, ndipo Yeremiya anaona umbombo womwewo mwa mneneri ndi wansembe yemwe. (Mika 3:5, 11, Yeremiya 6:13) Iye mwini ulosi wake unampatsa zibonga ndi ndende.

Yesu, amene anthu ena m'tsiku lake anamuyesa Yeremiya, anapereka muyeso wofananawo pamene anaphunzitsa kuti aneneri onama amadza ataoneka ngati nkhosa ndipo amadziŵika ndi zipatso zawo. Petro anachenjeza za aphunzitsi odyera Akristu masuku pamutu ndi mawu opeka, ndipo Yohane analangiza kuyesa mawu alionse onenedwa kukhala ouziridwa. (Mateyu 7:15-20; 16:14; 2 Petro 2:1-3; 1 Yohane 4:1) Machenjezo ameneŵa sanakalambe. M'maiko ambiri, kuphatikizapo a kuno kwathu, mulipo amene amalonjeza ntchito, ukwati, chuma kapena kuchira chaka chisanathe, kaŵirikaŵiri atalandira kangachepe, ndipo sanenapo kanthu za kuona mtima pamalonda kapena kukhulupirika m'banja. Amene amathamangira kwa iwo sali anthu opusa. Ambiri ali ngati makolo aja a m'bwalo la kachisi, olema ndi kudikira.

Kalata ya kwa Andende

Ku Babulo nakonso kunali a Hananiya akumeneko. Yeremiya analembera andendewo kalata yowauza kumanga nyumba, kulima minda, kukwatira ndi kukwatitsa ana awo, ndi kupempherera mtendere wa mzinda wa adani awowo, pakuti zaka 70 za Babulo zinayenera kukwanira asanabwezedwe. Anatchula aneneri aŵiri, Ahabu mwana wa Kolaya ndi Zedekiya mwana wa Maaseya, amene anali kulosera zonama ndi kuchita chigololo ndi akazi a anansi awo, nanena kuti Nebukadinezara adzawaotcha pamoto. Wina, Semaya wa ku Nehelamu, anakwiya nalembera wansembe Zefaniya ku Yerusalemu kumfunsa chifukwa chake sanamange wamisala wa ku Anatotiyo. (Yeremiya, chaputala 29) Pakati pa andende omwewo panali Ezekieli, amene anayerekezera aneneri otero ndi opaka njereza pakhoma losalimba limene mvula yamkuntho idzaligwetsa. (Ezekieli 13:10-16) Munthu wokhulupirira zaka ziŵiri sakanabzala mtengo kapena kuumba njerwa. Amene anamvera kalatayo ndiwo anasunga mtunduwo wamoyo.

M'dzenje la Thope

Zedekiya anali munthu wofooka amene analemekeza Yeremiya mobisa naopa akalonga ake poyera. Potsirizira pake anapanduka, akudalira Igupto, ndipo m'chaka chake chachisanu ndi chinayi Ababulo anazinga Yerusalemu. Pamene gulu lankhondo la Farao linatuluka m'Igupto, ozingawo anachoka kwa kanthaŵi, ndipo mumzinda munali chikondwerero. Eni akapolo amene anamasula akapolo awo Achihebri pamene zinthu zinathina anawagwiranso. (Yeremiya 34:8-11) Yeremiya ananena kuti Ababulo adzabweranso. Pofuna kupita kudziko la Benjamini kukasamalira za cholandira chake, anagwidwa pachipata, nanamiziridwa kuti akuthaŵira kwa adani, napandidwa ndi kutsekeredwa masiku ambiri m'chipinda chapansi m'nyumba ya mlembi Yonatani. Mfumu itamuitanitsa mwamseri kumfunsa ngati panali mawu ochokera kwa Yehova, iye anaiuza kuti idzaperekedwa m'manja mwa mfumu ya Babulo. Anaifunsanso kumene kunali aneneri ake aja amene ananena kuti Ababulo sadzafika. Baibulo silisonyeza kuti mfumuyo inayankha.—Yeremiya, chaputala 37.

Anamsamutsira m'bwalo la alonda, kumene anali kulandira mkate umodzi patsiku. Popeza anapitiriza kunena kuti wotuluka kukagonja adzapulumutsa moyo wake, akalonga anayi anamuimba mlandu wofooketsa manja a ankhondo, namtsitsira ndi zingwe m'chitsime chopanda madzi, ndipo anatitimira m'thope. Amene anampulumutsa sanali wansembe kapena mneneri. Anali Ebedi-Meleki, mdindo wa m'nyumba ya mfumu, Mkusi wa kudziko la kummwera kwa Igupto, amene anapita kwa mfumu poyera pachipata nanena kuti amunawo achita choipa. Atapatsidwa amuna omthandiza, anayamba watola nsanza zakale naziponyera Yeremiya kuti aike m'khwapa, zingwe zingamcheke.—Yeremiya 38:1-13.

Nthaka yasunga umboni wa masiku amenewo. Mu 2005 ndi mu 2008, wofukula za m'mabwinja Eilat Mazar anapeza mu Yerusalemu zidindo zadongo ziŵiri zokhala ndi maina a Yukali mwana wa Selemiya ndi Gedaliya mwana wa Pasuri, maina a aŵiri mwa akalonga anayi aja. Makalata olembedwa pamapale, opezedwa ku Lakisi mu 1935, ngochokera m'nthaŵi yomweyo. Imodzi imatchula mneneri wina wopereka chenjezo, ndipo ina imadandaula za mawu ofooketsa manja a anthu.

Komabe, tingalakwe kulingalira kuti mneneri woona amadziŵika ndi kulosera tsoka lokhalokha. Ali m'bwalo la alonda, mzinda utazingidwa, Yeremiya anagula munda wa ku Anatoti kwa Hanameli, mwana wa mbale wa atate wake, ndi masekeli 17 a siliva. Anasainitsa mboni, napatsa Baruki makalata ogulira kuti awasunge mumtsuko kwa nthaŵi yaitali, monga chizindikiro chakuti nyumba ndi minda zidzagulidwanso m'dzikomo. (Yeremiya 32:6-15) Ndiyenso amene analosera za pangano latsopano, lolembedwa m'mitima. (Yeremiya 31:31-34) Chiyembekezo anali nacho, ndipo anachilipirira ndi siliva wa m'thumba lake. Chinasiyana ndi cha Hananiya chifukwa chakuti chinadzera m'chilango ndi m'kulapa, osati kuzilambalala.

Kutchedwa Wonama Kufikira Mapeto

Malinga a Yerusalemu anabooledwa m'mwezi wachinayi wa chaka cha 11 cha Zedekiya, mu 587 B.C.E. malinga ndi olemba mbiri ambiri, ngakhale kuti ena amaŵerengera 586. Mfumu inagwidwa m'zigwa za Yeriko, ana ake anaphedwa iyo ikuona ku Ribila, ndiyeno inakolowoledwa maso. Mwezi wotsatira kachisi anatenthedwa. Buku la Maliro limaika mbali yaikulu ya liwongolo pa aneneri amene sanaulule mphulupulu ya mzindawo.—Maliro 2:14, 4:13.

Ababulo anapatsa Yeremiya ufulu wosankha kupita ku Babulo, kumene akanasamalidwa bwino, kapena kutsala. Iye anatsala ndi osauka a m'dzikomo ku Mizipa, pansi pa kazembe Gedaliya mwana wa Ahikamu, mwana wa munthu amene anamtetezera kalelo. Posapita nthaŵi Gedaliya anaphedwa ndi Ismayeli mwana wa Netaniya, ndipo otsalawo, poopa kulipsira kwa Ababulo, anapempha Yeremiya kuwafunsira kwa Yehova, nalumbira kuti adzamvera yankho lililonse. Apanso iye sanafulumire. Anadikira masiku 10, ndipo yankho linali lakuti akhale m'dzikomo ndipo asapite ku Igupto. Atsogoleri awo, Azariya ndi Yohanani mwana wa Kareya, anamuuza m'maso kuti akunama, kuti Yehova sanamtume, ndi kuti Baruki ndiye akumsonkhezera. (Yeremiya 42:1–43:7) Mabwinja a Yerusalemu anali pafupi, mawu ake a zaka 40 anali atachitika iwo akuona, koma pamene ananena chimene sanafune kumva, iyeyo ndiye anatchedwa mneneri wonama.

Anamtenga pamodzi ndi Baruki kupita ku Tapanesi, kumalire a kum'maŵa kwa Igupto. Mawu ake omalizira olembedwa ali otsutsana ndi Ayuda a kumeneko, amene anaumirira kufukizira mfumukazi yakumwamba, akumati zinthu zinali kuwayendera bwino pamene anali kuilambira. (Yeremiya, chaputala 44) Baibulo silisimba za imfa yake. Mwambo wakale umati anthu akwawo anamponya miyala ku Igupto konko.

Yehoyakini, amene Hananiya anati adzabwera zisanathe zaka ziŵiri, sanaonenso Yerusalemu. Mapale ofukulidwa ku Babulo amamtchula pamodzi ndi ana ake asanu pampambo wa olandira mafuta kunyumba ya mfumu. M'chaka cha 37 cha undende wake Evili-Merodaki anamtulutsa m'ndende, ndipo anadya pagome la mfumu ya Babulo kufikira imfa yake. (Yeremiya 52:31-34) Ziŵiya za m'kachisi zinakhala kumeneko monga mmene Yeremiya ananenera, kufikira Babulo atagwa m'manja mwa Koresi wa Perisiya mu 539 B.C.E. Koresi ndiye analamula msungichuma Mitiredati kuzitulutsa m'nyumba ya milungu ya Nebukadinezara ndi kuziŵerengera Sezibazara kalonga wa Yuda, ziŵiya zagolidi ndi zasiliva 5,400, ndipo zinanyamulidwa kupita ku Yerusalemu patapita zaka zoposa 50 chithyolereni goli lija.—Ezara 1:7-11, Yeremiya 27:21, 22.